Momwe mungaikire code-server pa laputopu yanu n'kumalemba code mu browser

Kwa anzanga amene mwayamba kuphunzira za programming kuno ku Chipata, mwina mwamvapo za VS Code, pulogalamu yolembera code ya Microsoft imene inatuluka mu 2015. Manje pali code-server, yopangidwa ndi kampani ya Coder, ndi VS Code yomweyo koma imatseguka mu Chrome kapena Firefox. Imakhala pa makina anu omwe, ndiye mukangomaliza kuiika simufunikanso bundle kuti muzilemba, intaneti imafunika chabe pokoka pulogalamuyo ndi ma extension, tizida towonjezera pa pulogalamuyo.

Makina ake sakufuna ochita kudabwitsa, eni ake amati RAM ya 1GB ndi ma core 2 zakwana, ndiye olo laputopu yasalaula yakale ija ikhoza. Imayenda bwino pa Linux, makamaka Ubuntu. Ngati muli pa Windows tsegulani PowerShell ngati administrator, lembani wsl --install, muzimitse makina n'kuyatsanso, Ubuntu ibwera mkati mwa Windows momwemo, njira imeneyi ndiyo amati WSL. A Mac amene ali ndi Homebrew, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, angolemba brew install code-server basi.

Pa terminal ya Ubuntu lembani izi:

curl -fsSL https://code-server.dev/install.sh | sh

Fayilo yake ndi yayikulu ndithu, ndiye onani kuti bundle ilipo komanso batire yadzadza, chifukwa malaiti akangopita pakati ndiye muyambiranso. Amene mumakayikira ma script a pa intaneti, ndipo mukuchita bwino kukayikira, onjezani -s -- --dry-run kumapeto kwa mzerewo, ikuonetsani zimene ikufuna kuchita isanakhudze kanthu.

Ikamaliza lembani code-server, mudine Enter. Terminal imeneyo musaitseke. Pitani mu browser mulembe 127.0.0.1:8080, kabwera kabokosi kofunsa password. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka poganiza kuti ndi password ya laputopu, ayi, iyi inadzipanga yokha ndipo ili mu fayilo ~/.config/code-server/config.yaml. Tsegulani terminal ina, lembani cat ~/.config/code-server/config.yaml muona mizere 4: bind-addr, auth, password ndi cert. Kopani manambala ndi zilembo zili pa password zija, muike mu browser, mwalowa. Mukafuna yanuyanu yosavuta kukumbukira, tsegulani fayiloyo ndi nano, kapulogalamu kosinthira mafayilo mu terminal, musinthe, kenako Ctrl+C pa terminal yoyamba ija n'kulembanso code-server kuti iyake. Pa Ubuntu yeniyeni mungalembenso sudo systemctl enable --now code-server@$USER kuti izidziyatsa yokha makina akayaka.

Manje pokoma penipeni mpano. Mzere wa bind-addr uli 127.0.0.1:8080, kutanthauza kuti ndi makina okhawo amene angaione. Mukausintha kukhala 0.0.0.0:8080 n'kuyatsanso code-server, tablet kapena foni kapena laputopu ya mnzanu imene ili pa wifi imodzi ndi inu ikhoza kulowa, olo hotspot ya foni yomwe ikwana. Lembani hostname -I kuti mudziwe adilesi ya makina anu, ituluka ngati 192.168 ndi manambala ena, ndiye pa chipangizo chinacho mulembe adilesi imeneyo ndi :8080 kumapeto. Ku boarding house kumene laputopu yabwino ndi imodzi anthu atatu, izi zimathandiza kwabasi, koma dziwani kuti aliyense amene walowa ali ndi terminal ya makina anu, akhoza kuona ngakhale kufufuta mafayilo anu onse, ndiye mzere wa auth musauike none olo mutatopa nayo bwanji password, ndipo pa wifi ya ku lodge kapena ku internet cafe bwezerani 127.0.0.1. Komanso mukalowera pa chipangizo china popanda https zina zimakana, monga kuonetsa preview ya markdown ndi copy paste nthawi zina. Mukaika cert: true imapanga certificate yakeyake, browser idzakuchenjezani koma mungapitirire. A WSL, pa makina anu zimatheka bwinobwino, koma kuti foni ilowe pamafunika zina za ma port ndi firewall ya Windows, nkhani ya tsiku lina imeneyo.

Ma extension samachokera ku sitolo ya Microsoft, amachokera ku Open VSX, ndiye ena otchuka simuwapeza, koma ya Python ilipo, Prettier ilipo, zokwanira munthu woyamba. Python yeniyeniyo kapena Node muziika pa makina panokha, code-server ndi polembera chabe.

Ikakuuzani kuti address already in use ndiye kuti port 8080 yatengedwa kale ndi pulogalamu ina, sinthani mu config.yaml ikhale 8081, muyatsenso, ndipo mu browser mulembenso 8081 yomweyo.