Kagulu ka aphunzitsi kophunzitsana pasukulu: kayendetsedwe kake

Kagulu kasapitirire anthu asanu ndi mmodzi. Akachuluka, amalankhula awiri okha, ena n'kumangoyang'ana nthawi. Ndi bwino akhale a makalasi oyandikana, monga Sitandade 1 mpaka 4, poti mavuto awo amafanana.

Kumanani kamodzi pa masabata awiri, kwa ola limodzi, ana akaweruka. Pewani tsiku la msika. M'dzinja yambani msanga, chifukwa kuno ku Ntcheu mvula yamasana ikagwa m'mapiri, mitsinje sichedwa kudzaza ndipo okhala kutali amavutika pobwerera.

Tengani vuto limodzi lokha, mwachitsanzo ana a Sitandade 2 amene amadziwa malembo koma akulephera kuphatikiza "mb" ndi "a". Aliyense abwere ndi makope a ana atatu: wochita bwino, wapakati ndi wotsalira. Makopewo ndiwo amathetsa mtsutso wongoganizira. Gwirizanani njira imodzi yoyesa, kenako mmodzi akaphunzitse kwa mphindi 30 mnzake akuonerera. Woonererayo asalembe zolakwa za mphunzitsi, alembe zimene ana achita: angati awerenga okha, ndi pati pamene asokonezeka. Apa m'pamene timagulu tambiri timafera, chifukwa munthu akamva ngati akumuyendera, ulendo wina amabisa zomuvuta.

Ahedi abwere ngati mphunzitsi mnzathu, zolengeza za sukulu zipite ku msonkhano wina. Utsogoleri uzisinthana. Alawansi palibe, ndipo nenani zimenezi tsiku loyamba.

Zogwirizana zilembedwe m'kope limodzi. Chimene chakukanikani kawiri konse, kachituleni kwa a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) ku TDC (likulu la maphunziro a aphunzitsi) ya zoni yanu.