Momwe munganenere zongoganizira m'Chisipanishi

Wina akakufunsani kuti "¿Qué hora es?" (nthawi ili bwanji?) inu mulibe wotchi, musayankhe kuti "Son las tres" (ndi 3 koloko) ngati kuti mwaona nthawiyo. Eni chinenerochi amati "Serán las tres", kutanthauza kuti mwina nthawi ili cha m'ma 3 koloko. Mneniyo ali m'nthawi yam'tsogolo, koma nkhani yake ndi ya pakali pano.

Yambani ndi kupanga mneniyo. Mutengeni wathunthu monga alili mu dikishonale, osadula kalikonse, n'kumulumikiza kumapeto -é, -ás, -á, -emos, -éis kapena -án. Estar amakhala estará, ser amakhala será. Kachizindikiro kapamwambako musakaiwale, chifukwa mawu amatsindikidwa pamenepo. -Emos yekha ndiye alibe. Aneni ena amasintha tsinde ndipo muyenera kungowaloweza: tener amakhala tendr-, haber habr-, saber sabr-, poder podr-, hacer har-. Ndiye "Tendrá 40 años" ndi kunena kuti ayenera kuti ali ndi zaka 40.

Kenako onani mtundu wa mneni wanu. Njirayi imayenda bwino ndi aneni onena mmene zinthu zilili. Ndi aneni a zochita imasokoneza: "Comerá" amamveka ngati adzadya. Kuti zimveke kuti mwina akudya panopa, gwiritsani estar ndi mneni wothera -ando kapena -iendo: "Estará comiendo".

M'funso, nthawi yam'tsogolo yomweyi imagwira ntchito ya "kaya". "¿Dónde estará mi madre?" ndi kudzifunsa kuti kaya amayi ali kuti, osati kuyembekezera yankho.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi ir a, njira ina yonenera zam'tsogolo. "Van a ser las tres" si kuganizira ayi, ndi kunena kuti 3 koloko yatsala pang'ono kukwana.

Mukakhala ndi umboni pang'ono, mwachitsanzo magetsi akuyaka m'nyumba, gwiritsani deber de n'kunena kuti "Debe de estar en casa" (ayenera kuti ali pakhomo). Deber wopanda de amathanso kutanthauza udindo, choncho wophunzira achita bwino kusunga de ameneyo.

Pomaliza pali mawu a "mwina". A lo mejor ndiye wosavuta, amatenga indicativo, mneni wa masiku onse wonenera zenizeni: "A lo mejor está enfermo" (mwina akudwala). Puede que amafuna subjuntivo, mneni wonenera zokayikitsa kapena zolakalaka, nthawi zonse: "Puede que esté enfermo". Quizás ndi tal vez amalola zonse ziwiri, ndipo subjuntivo imasonyeza kuti mukukayika kwambiri.