Mukamva "lived deliciously" kutchalitchi, musaganize za ndiwo

Ambirife tinaphunzira kusukulu kuti delicious ndi chakudya chokoma, basi. Tikafika ku Britain timapezanso zomwezo pa mapaketi a m'sitolo ya Tesco, "deliciously creamy" pa kabotolo ka yogati. Ndiye Lamulungu lina ku Leeds, abusa akuwerenga Chivumbulutso 18:7 m'Baibulo la King James, ndinamva kuti Babulo "lived deliciously", n'chifukwa chake alandira chilango. Ndinangoti kakasi. Mzinda wonse kupasulidwa chifukwa chodya zonona?

Baibulo limenelo linatuluka mu 1611, ndipo nthawi imeneyo mawuwa anali ndi tanthauzo lalikulu kuposa lero. Anachokera ku Chilatini, deliciae, zosangalatsa za thupi, n'kudzera ku Chifalansa asanalowe m'Chingelezi. Munthu wokhala "deliciously" anali wa moyo wa mwanaalirenji: zovala zapamwamba, vinyo, maphwando osatha, osadzimana kanthu. Vesi 9 ikubwereza mawu omwewo ponena za mafumu amene ankadyerera naye Babuloyo. Baibulo la New King James la 1982 linasintha n'kuika "luxuriously", pakuti owerenga a masiku ano akanasokonezeka ngati mmene ndinasokonezekera ine.

Matchalitchi ambiri omwe Amalawi timapitako kuno, makamaka achipentekoste, amakondabe King James. Mukakumana ndi mawu odziwika koma osagwirizana ndi nkhani, tsegulani Buku Lopatulika pafoni mufananize vesilo. Pa Luka 16:19, mwini chuma uja wa nkhani ya Lazaro "fared sumptuously", kutanthauza kudya ndi kusangalala mowononga ndalama tsiku lililonse.

Kuntchito musayese kunena kuti "I live deliciously". Anzanu adzaseka, ena adzaganiza kuti mukunena zachipongwe. Angelezi sakonda kudzitama pa za moyo wabwino. Munthu amene zake zikuyenda amangoti "not too bad", kapena "I'm comfortable" ngati nkhani ndi ya ndalama. (Abale kumudzi akaona zithunzi zathu pa Facebook amaganiza kuti tikukhala ngati Babulo, osadziwa kuti jekete ija tinagula mu charity shop, sitolo ya kaunjika, titatuluka shifiti ya usiku.)

Mzungu akakuitanani ku chakudya kwawo, pamenepo ndiye ponenera "that was delicious" mukamaliza kudya. Kwathu timatha kungothokoza n'kusamba m'manja, koma kuno wophika amadikira kumva kuti chakudya chake chinakoma.