Kusamalira sepitiki thanki: yezani matope sokawe isanatseke

Eni nyumba ambiri ku Kasungu ndi ku Mchinji amakumbukira sepitiki thanki tsiku limene chimbudzi chayamba kubweza. Pofika pamenepo, kawirikawiri chimene chaonongeka si thankiyo ayi, koma sokawe, dzenje la miyala lija limene limamwetsa madzi m'nthaka. Thanki imapopedwa tsiku limodzi, koma sokawe ikatseka ndiye kuti mukumba ina basi.

M'thanki zinthu zimagawika patatu. Zolemera zimadikha pansi n'kukhala matope, mafuta ndi thovu zimayandama n'kuuma ngati nkhoko, ndipo pakati pamatsala madzi. Madzi apakatiwo ndi okhawo oyenera kupita ku sokawe, n'chifukwa chake paipi yotulukira imakhala ndi mutu wonga T woloza pansi. Matope akakwera kufika pamutuwo amatuluka limodzi ndi madzi, n'kukamata mipata ya miyala ndi dothi.

Ndiye muziyeza kamodzi pachaka, mu Seputembala kapena Okutobala mvula isanagwe. Pezani nsungwi ya mamita 3, kulungani thaulo loyera lakutha kuyambira kunsonga kukwera mita imodzi, n'kumanga ndi chingwe. Vundukulani chipinda choyamba mwa zipinda ziwiri za thankiyo, chachikulucho, ndipo imani kaye patali kuti mpweya utuluke. Kenako boolani nkhoko zija, tsitsani nsungwi mpaka igunde simenti, dikirani mphindi zitatu, n'kuizula pang'onopang'ono. Pamene palekeza kuda pathaulopo ndiye msinkhu wa matope. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, monga masentimita 50 m'thanki ya mita imodzi ndi theka, itanani galimoto yopopa. Pabanja limodzi zimenezi zimatenga zaka 3 mpaka 5, koma pa nyumba za lendi zogwiritsa thanki imodzi sizichedwa choncho.

Opopa akabwera musachokepo. Awuzeni atsegule zivundikiro zonse ziwiri ndipo avundule matopewo, chifukwa ena amangokoka madzi apamwamba n'kumapita. Asiye matope pang'ono pansi kuti tizilombo towoletsa zonyansa tipitirize ntchito. Onaninso ngati T uja alipo. Akathyoka gulani wina wa PVC wa mamilimita 110. Afunseni kumene akukataya, ndipo malo ovomerezeka mukawadziwa ku khonsolo. Zotayidwa m'dambo zimakathera mumtsinje ngati Bua, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tinaiona.

Chonde, munthu asalowe m'thanki, ngakhale yopopedwa kale. Mpweya wa m'menemo umakomola msanga ndi kupha, komanso umayaka, choncho machesi ndi ndudu zikhale kutali.

M'chimbudzi mulowe za m'mimba ndi tishu zokha. Mapadi, matewera a ana, makondomu, zitsononkho ndi nyuzipepala siziola msanga. Mafuta ophikira amaundana m'mapaipi, pomwe phulusa ndi mchenga wokwechera mapoto zimangoonjezera matope. Jik wapang'ono potsuka savuta, koma kukhuthulira botolo lonse, penti kapena mankhwala a m'munda wa fodya kumapha tizilombo tija.

Madzi ochuluka nawonso ndi mdani amene ambiri samuganizira. Kathanki ka chimbudzi kakamadontha usana ndi usiku, matope sapeza mpata wodikha, sokawe imakhuta, ndipo bilu ya Central Region Water Board imakwera. Pukutani mkati mwa chimbudzi, mbali yakumbuyo, mateni pepala louma pamenepo: likanyowa musanagejemule, sinthani labala wotseka madzi m'kathankiko. Madzi a padenga akumbireni ngalande yolambalala thanki ndi sokawe, makamaka ngati munamanga pafupi ndi dambo kumene nthaka imakhuta kale pofika Januwale.

Bulugama, malaina, mango ndi nsungwi zimatumiza mizu m'mapaipi. Pamwamba pa sokawe dzalani kapinga basi. Ngolo ndi malole zisadutsepo, ndipo chitsime kapena mjigo zitalikirane nayo mamita osachepera 30. Paipi ya mpweya muimange sefa kukamwa, kuti udzudzu ndi ntchentche zisalowe.

Mukaona pa sokawe pali chinyezi chonunkha m'chilimwe, kapena chimbudzi chikuchedwabe kumeza patangopita milungu yochepa mutapopa, musatayenso ndalama pa mankhwala otsegulira. Itanani pulambala, akumbe sokawe ina padothi louma n'kupatutsira paipi kumeneko.