Momwe mungapitire ku Quelimane pa wikendi kudzera pa boda ya Muloza

Ife a kuno ku Mulanje ndi Thyolo tikamva zoti wina wapita kunja timangoganiza za Joni kapena ndege ya pa Chileka, chonsecho dziko la eni lili pakhomo pomwepa, kungodutsa pa Limbuli, kuwoloka mtsinje wa Muloza basi mwalowa Mozambique. Ngati muli ndi galimoto, kaya mwasonkherana za mafuta ndi anzanu, mutha kunyamuka Lachisanu m'mawa kukagona ku Quelimane, mzinda wa ku Mozambique womwe uli kufupi ndi nyanja ya Indian Ocean, Loweruka kukasamba m'nyanja ya mchere, Lamulungu madzulo muli pakhomo. Kuchokera pa boma la Mulanje ndi makilomita pafupifupi 370, sizikusiyana kwenikweni ndi kupita ku Lilongwe. Ine ulendowu ndimaukonda zedi ndipo zimandiwawa kuti anthu ambiri akuno amakalamba osaionako nyanja imeneyi, ndiye nayi njira yake.

Yambani ndi mapepala, sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanafike

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuonongekera. Aliyense akhale ndi pasipoti yake, ana omwe, ndipo ionetsetseni kuti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe. Border pass ija timadutsira popita kumsika ku Milange, tauni ya kutsidya kwa boda, ndi yongoyendera kufupi ndi boda, musaidalire pa ulendo wa ku Quelimane. Chabwino chake n'choti Mmalawi safunika viza akamangopita kukacheza masiku ochepa ngati amenewa.

Za galimoto ndiye zambiri: bulubuku yeniyeni osati fotokope, laisensi ya dalaivala, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) yoti sinathe, komanso chikalata cha kupolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba. Chikalata chimenechi musachisiye mpaka Lachinayi, maofesi ali ndi nthawi yawo. Ngati galimoto ndi ya achimwene anu kapena ya kuntchito, mwini wake alembe kalata yokulolani kutuluka nayo m'dziko, ikhale ndi chidindo. M'buti muikemo matrayango awiri ndi kajekete konyezimira kaja, apolisi a pamsewu kumeneko amafunsa zimenezi, ndipo kajeketeko kakhale m'kati pafupi ndi dalaivala osati pansi pa zikwama. Tayala lapadera lipopedwe, jeke ikhalepo.

Ndalama

Kwacha imathera pa Milange pomwepo, mukapitirira ndi metical basi, ndalama ya ku Mozambique. Yambani mwafunsa ku banki kwanu nthawi ikadalipo poti nkhani ya forex mukuidziwa mmene ilili. Pa boda mupeza anyamata ogwira mipukutu ya ndalama akukuthamangirani galimoto isanaime n'komwe, ndipo munthu wosazolowera metical kumupusitsa sikuvuta, ndiye chenjerani nawo. Yesetsani kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono zogulira madzi, nthochi ndi kulipira njinga. Khadi ya banki itengeni koma musaike mtima wonse pamenepo.

Pa boda fikani m'mamawa

Boda ya Muloza imatseka madzulo, si yausiku wonse ayi. A ku Thyolo, Bvumbwe kapena Luchenza dzukani kudakali mdima kuti dzuwa likamatuluka mukhale mukudutsa m'minda ya tiyi kupitirira pa Chitakale. Mukachedwa mupeza mathiraki atafola ndipo ola limodzi limasanduka atatu.

Mbali ya kwathu mudindisa mapasipoti ku Immigration, kenako kwa a MRA kukalembetsa kuti galimoto ikutuluka kwakanthawi. Mukawoloka, mudindisanso, mutenge chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi, ndiye mugule inshuwalansi ya ku Mozambique. Apa ambiri amakangana napo poti ali ndi Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto yoyendera m'mayiko a bungwe la COMESA, koma Mozambique sili mu COMESA, ndiye khadi imeneyo kumeneko ilibe ntchito, gulani yawo basi. Chilichonse mwalipira pemphani lisiti. Musanachoke pa windo tsegulani pasipoti muone ndi maso anu kuti chidindo chamenyedwa ndipo deti lake ndi lolondola, chifukwa vuto la chidindo limadzaonekera pobwerera pamene mwatopa kale.

Ku Milange imani pang'ono mugule simukhadi ya Vodacom kapena Movitel, amafuna pasipoti polembetsa. Pano Chichewa ndi Chilomwe zikuyenda bwinobwino, ambiri ndi abale athu omwe, ndiye funsani zonse zomwe mukufuna kudziwa za msewu musanalowe kumene kuli Chipwitikizi chokhachokha. Thirani mafuta tanki idzaze. Nthawi musasinthe, wotchi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi, ndipo nawonso amayendetsa kumanzere.

Pamsewu

Milange kukafika ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo masiku ano ndi tala, osati fumbi lomwe ankadandaula nalo madalaivala akale lija. Phiri la Tumbine mulisiya kumbuyo, la Mulanje limakuperekezani pagalasi kwa kanthawi ndithu kenako n'kuzimirira. Msewu ukakoma phazi limalemera, koma polowa m'midzi ndi m'matauni tsikani pa 60, pali ana asukulu, njinga zosenza makala, mbuzi, komanso apolisi. Akakuimitsani tsitsani galasi, "bom dia" kaye, perekani mapepala mwaulemu. Ngati mwalakwadi lipirani chindapusa cholembedwa, mutenge lisiti.

Ku Mocuba idyani nkhomaliro, muone mlatho wa pa mtsinje wa Licungo, muonjezere mafuta. Kuchoka apo mulowera kum'mwera pamsewu waukulu wa N1 mpaka pa Nicoadala, pomwe mupatukire ku Quelimane, zonse pamodzi makilomita ngati 150. Mudzadziwa kuti mwayandikira mukayamba kuona minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati mbali zonse, mpweya n'kuyamba kulemera, malaya kumata pamsana. Usiku musayende, zivute zitani.

Mukafika

Malo ogona sankhani poyang'ana zinthu zitatu: neti, fani kapena eyakoni, ndi mpanda wogonekamo galimoto. Ife ozolowera kamphepo ka m'phiri kutentha kwa kumeneko kumatipweteka, udzudzu nawo ndi wosasewera nawo, mankhwala odzola aja tengani.

Galimoto isiyeni pamalo ogona, mu tauni yendani pa kabaza. Quelimane ndi mzinda wa njinga, ndi wafulati ndipo njinga zake zimakhala ndi kampando kofewa kumbuyo ngati za pa Chitakale zomwezi, kungoti kuchuluka kwake mudzadabwa. Gwirizanani mtengo musanakwere, ngati chilankhulo chavuta lembani nambala pa foni. Madzulo pitani m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais pomwe pali tchalitchi chakale cha Katolika chomangidwa m'zaka za m'ma 1700, anthu amakhala pamenepo kupunga mphepo, ena akugulitsa kokonati wanthete. Mnyamata amamudula pamwamba ndi chikwanje katatu kokha, mukamwa madzi amamung'amba pakati n'kukusemerani kasupuni kuchokera ku khungu lake lomwelo kuti mukokotere zoyera zam'kati.

Chakudya musakafunefune nsima ndi chambo ayi, mwapita kukalawa za eni. Itanitsani frango à zambeziana, nkhuku yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, adyo ndi mandimu kenako n'kuotchedwa pamakala pang'onopang'ono uku akuipaka msuzi womwewo. Imatenga nthawi, musamukalipire woperekera zakudya, dikirani. Pambali pake pemphani mucapata, mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza ndi kokonati mpaka kuphwanyika. Piripiri wawo yambani mwalawa kansonga ka supuni.

Loweruka lonse lipatseni Zalala, gombe lomwe lili makilomita ngati 30 kuchokera mu tauni. Pitani m'mawa asodzi akamakoka makoka, mugule nsomba kapena ma prawns pomwepo, malo ena odyera amakuotcherani mukagwirizana. Madzi ake si oyera ngati a ku Mangochi, ndi odera chifukwa cha mitsinje yothira m'nyanjamo, koma mchenga ndi wautali mpaka maso kutopa. Chinthu chimodzi chomwe ife a kumtunda sitichidziwa: nyanja iyi imaphwa n'kubwereranso tsiku lomwelo. Pomwe mwayala chitenje pouma, pakatha maola angapo pali madzi, ndiye galimoto musaitsitsire pamchenga, ndipo ana asachoke pamaso panu.

Kubwerera

Lamulungu nyamukani 7 koloko isanakwane kuti boda muipeze yotsegula mosathamanga. Chilolezo cha galimoto chija mubweza potuluka, musachitaye. Zomwe mwagula, kaya ndi zitenje, kaya kokonati, zionetseni kwa a MRA akafunsa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October. Miyezi ya mvula, makamaka January mpaka March, ulendowu usiyeni. Namondwe Freddy amene anatisiyira maliro kuno mu March 2023 anatulukira m'nyanja kufupi ndi Quelimane komweko, ndipo Licungo akadzaza amatha kudula msewu. Komanso musananyamuke imbirani munthu wa ku Milange kapena dalaivala amene wadutsako sabata yomweyo akuuzeni mmene msewu ulili komanso ngati kuli bata.