Khansa ya m'chifu: momwe mungafunsire za majini a chotupa chanu kuno ku Joni

Mawu akuti majini asakudzidzimutseni. Kuchipatala sanena majini a kwa asing'anga aja, amanena timalangizo ta mkati mwa selo (kachidutswa kakang'ono kwambiri komanga thupi), touza selo nthawi yoswana ndi nthawi yoleka. Timalangizoti tikasokonekera, maselo a m'chifu amangoswana mpaka kupanga chotupa. Kusokonekerako kumasiyana munthu ndi munthu, n'chifukwa chake odwala awiri ogona moyandikana ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath, matenda amodzimodzi, akhoza kupatsidwa mankhwala osiyana popanda kukondera.

1. Akuoneni mkati

Ambirife chilungulira timalimbana nacho ndi mapiritsi a pa spaza. Koma ngati mukuonda, mukukhuta mutangodya mbamu zitatu za nsima, mukusanza kawirikawiri, kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii ngati phula, pitani ku kiliniki ya kudera kwanu akulembereni kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko amalowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukhosi, komwe amati gastroscopy, n'kutsina kamnofu. M'zipatala za boma kamnofuko kamapita ku labu ya boma yotchedwa NHLS. Funsani ngati ayezanso Helicobacter pylori, kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba, komwe mu 1994 kanaikidwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Kamaphedwa ndi mankhwala akumwa.

2. Zotsatira zikabwera, funsani mayina awa

Apa m'pamene ambiri timangoti "chabwino adokotala" n'kutuluka. Tengani m'bale wanu ndi cholembera. Chotupa chopezeka msanga amachichotsa pa opaleshoni, nthawi zambiri pamodzi ndi chemo. Chikakhala kuti chafalikira, mayinawa ndi amene amasankha mankhwala.

HER2: mwa odwala asanu, pafupifupi mmodzi amakhala ndi chotupa chochulukitsa jini imeneyi. Otere amathandizidwa ndi trastuzumab. Pa kafukufuku wa ToGA, wofalitsidwa mu 2010, olandira mankhwalawa pamodzi ndi chemo anakhala ndi moyo mwapakatikati miyezi 13.8, poyerekeza ndi miyezi 11.1 ya olandira chemo yokha. Si machiritso ayi, koma miyezi imeneyo kwa munthu amene akufuna kukaona ana ku Mangochi si yochepa. Trastuzumab amatha kufooketsa mtima, choncho amayamba aujambula kaye.

MSI kapena MMR: selo lili ndi majini okonza zolakwika, ngati telala wosoka pong'ambika. Telalayo akagona, chotupa chimadzaza zolakwika zambirimbiri, ndipo chitetezo cha m'thupi chimachizindikira mosavuta. Zotupa zotere zimamvera mankhwala odzutsa chitetezo, monga pembrolizumab ndi nivolumab. Pofuna kudziwa ngati mankhwalawa angathandize amayezanso PD-L1, puloteni imene chotupa chimabisalira chitetezocho.

Claudin 18.2, puloteni ya pamwamba pa maselo a zotupa zina, kuyeza kwake n'kwatsopano. Mankhwala ake, zolbetuximab, anavomerezedwa ku Japan ndi ku America mu 2024.

Mankhwala onsewa ndi okwera mtengo. Funsani mosabisa ngati chipatalacho chili nawo, kapena ngati medical aid yanu ingalipire, musanayambe kugulitsa malata a nyumba kumudzi.

3. Siyanitsani za m'chotupa ndi za kumtundu

Zonse tatchulazi kawirikawiri zimachitikira m'chotupa momwemo, munthu atakula kale, ndipo ana sangayamwire. Za kumtundu zimapezeka mwa odwala ochepa kwambiri, mmodzi mpaka atatu pa 100 alionse. Yodziwika ndi jini ya CDH1, yomwe vuto lake linapezeka koyamba mu 1998 m'banja la Amaori ku New Zealand. Kholo likakhala nayo yowonongeka, mwana aliyense ali pakati ndi pakati, kutengera kapena ayi. Khansa yake imayanga mobisala m'khoma la chifu, kamera n'kuiphonya, moti ena amalangizidwa kuchotseratu chifu chonse asanadwale. Kwa amayi imathanso kubweretsa khansa ya m'mawere. Palinso Lynch syndrome, yokhudza majini okonza aja, yomwe imaonekeranso m'matumbo ndi m'chiberekero.

Ndiye imbani foni kumudzi. Amalume aja amene ankati anawadyetsa kumowa, anamwalira ali ndi zaka zingati? Ankasanza? Anaonda? Lembani za kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Mukapeza abale awiri kapena kuposa amene anadwala chonchi, kapena wina amene anadwala ali wachinyamata, pemphani adokotala akutumizeni kwa alangizi a za majini a ku yunivesite ya Wits ndi NHLS. Kuyeza kwake ndi kwa magazi kapena malovu.

4. Pepala lisakutayikeni

Pemphani kope la lipoti la labu, mulijambule pa foni, mutumizirenso mlongo wanu pa WhatsApp. Pamwamba pake pamakhala nambala ya kamnofu kanu, komwe labu imasunga m'kachibuma ka sera. Ndi nambala imeneyo akhoza kukayezanso osakulowetsaninso kapaipi. Mukaganiza zokwera basi kukapitiriza chithandizo ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, lipotilo liikeni m'chikwama cha m'manja momwe muli pasipoti, osati m'katundu wa mu trailer.