Madzi oyera mbee m'damu ndi njala ya nsomba

Mwezi uno ndayendera madamu angapo ku Chingale, ndipo zomwe ndaona zandiwawa mtima. Madzi oyera mbee mpaka matope apansi kumaoneka, paipi yolowetsera madzi ili chitsegulire usana ndi usiku, yotulutsira nayo ikungokhuthula. Eni ake akunyadira kuti damu ndi laukhondo. Abale, damu la nsomba si chitsime cha madzi akumwa.

Kubiriwira kwa madzi komwe mukukuthamangitsako ndiye munda wa nsomba zanu. Ndi ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zomwe zimakola mphamvu ya dzuwa monga amachitira masamba a chimanga. Tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, makumba amadya ndere ndi tizilomboto, inu n'kudzadya makumba. Koma mphamvuyi sifika yonse kwa wotsatira. Chamoyo chikadya chinzake, chimangosunga m'thupi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvuyo, yotsalayo imathera posambira, popuma ndi m'ndowe. Ndiye ngati ndere zachepa, yofika mumnofu wa nsomba ingakhale yochuluka bwanji? Mukasiya madzi akungodutsa, ndere zimapita kumtsinje limodzi ndi chonde cha manyowa omwe munasenza pamutu kuchokera kukhola. Nsomba zimatsala zikungodikira madeya, madeya omwewo mukulimbirana ndi nkhumba ndi nkhuku, ena mukuchita kugula kuchigayo.

Bambo wina anandiyankha kuti, "Alangizi, nsomba za m'madzi obiriwira ndani angagule? Kunyanja madzi amakhala oyera koma chambo chimanenepa." Ndinawapempha kuti akokeko pang'ono ndi ukonde. Miyezi 6 chiikireni mbewu (tiana ta nsomba), nsomba zake ngati zala ziwiri, mitu ikuluikulu, matupi owonda. Anati mbewu ndiyo inali yoipa. Mbewu inalibe mlandu. Kunyanja chambo chimayenda mtunda wautali kusaka chakudya, pamene m'damu mwawo chingapite kuti? Tinapezamonso milamba itatu yomwe anaponyamo dala kuti akolole zambiri. Mlamba ukameza kamwana ka makumba, mphamvu ija yadutsanso pakamwa pena n'kuchepa kakhumi. Nkhani imeneyi takhala tikuinena pamisonkhano ya makalabu chaka ndi chaka, koma anthu akungokakamira zakale.

Tsekani paipi, muzingowonjezera madzi akaphwera. Ikani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'kakhola ka timitengo komangidwa m'madzi pakona ya damu. Pisani mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikamaoneka bwinobwino, wonjezerani manyowa, chikangoyamba kubisika ndiye kuti zakwana. Mukaona nsomba zikupumira pamwamba m'mamawa dzuwa lisanatuluke, manyowa achuluka, yambani mwasiya ndipo lowetsani madzi atsopano. Milambayo ichotseni.